Chijasi Chosungitsa

Kwa Njombwa, mukapatuka pamsewu wa tala n'kulowa m'minda ya fodya, mudzaona nyumba imodzi ili yokhayokha pansi pa mtengo wa mango, pambali pake pali chigafa chopendekeka. Mwini wake ndi a Fainala, ngakhale dzina limeneli mukalifunsa panjira anthu adzakuyang'anani ngati mwasochera. Funsani kwa Anachisale, adzakulozerani ndi mlomo. Ndi mayi wamfupi, wouma thupi, woyenda mofulumira ngati wasiya kanthu pamoto. Zaka makumi asanu ndi awiri anazidutsa kale koma khasu sanalitulebe. Amalima fodya wa bale pakamunda koti eni maesiteti ataona angaseke mpaka nthiti kuwawa, koma iwo kamawakwanira.

Kale pamalopo panali mudzi. Anthu anasamuka mmodzimmodzi kutsatira msewu, kumene kuli magetsi, chigayo ndi mjigo, mpaka panatsala mabwinja ndi a Fainala. Iwo anakana kusamuka chifukwa nsanamira za chigafa chija anazika ndi bambo awo, ndipo nsanamira sungaziike pamutu n'kupita nazo. Amuna awo anatsamira mkono kalekale. Mwana wawo wamkazi anawatsogolera kumanda, ndipo wamwamuna, Ernest, anapita ku Joni kukafuna maganyu. Amaimba foni pa Khirisimasi, nthawi zonse akunena kuti chaka chamawa abwera. Chaka chamawa cha Ernest a Fainala anasiya kuchidikira. Odutsa pakhomo pawo ndi matenanti a paesiteti yoyandikana, ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, koma ukangoyamba kuzolowerana ndi mmodzi, fodya akagulitsidwa amakwera lole n'kupita, chaka chinacho kumabwera nkhope zina.

Munthu akawafunsa ngati saopa kukhala okha, ankayankha kuti sali okha, ali ndi bambo. Wofunsayo ankangoti kukamwa yasa, poti aliyense ankadziwa kuti a Chisale anaikidwa m'manda chisanafike chaka cha 2000. Bambo amene ankanenawo anali chijasi chopachika pamsomali kuseri kwa chitseko.

Chinali chijasi cha usilikali, chotuwa, cholemera, cha mabatani amkuwa. Mwini wake chinkamulekeza m'maondo, koma a Fainala akavala chinkasesa pansi. A Chisale anabwera nacho kuchokera kunkhondo yachiwiri ija ya dziko lonse. Analowa Keyala, gulu la asilikali a nthawi ya atsamunda, ali mnyamata wopanda ndevu, anakamenya ku Abisiniya, kenako anawoloka nyanja kupita ku Bama. Za nkhondoyo sankakamba. Ukawafunsa ngati anaphako munthu ankadzuka n'kupita kukaona mbuzi. Chimene ankakonda kukamba ndi kuzizira kwa m'mapiri a ku Abisiniya, kuti madzi m'botolo ankauma gwa, ndipo kuti pakanapanda chijasichi bwenzi Fainala kulibe. Juni akafika ankapita nacho kutchalitchi, mabatani atawakwecha ndi phulusa ndi ndimu, akuyenda mowongoka ngati pali wina kumbuyo amene akuwerenga mapazi awo.

Atakalamba n'kugona pamphasa, amene ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwafunditsa chijasicho anali a Fainala. Koma tsiku logawa katundu wa malemu, mawu anali ndi ana a mlongo wawo wa a Chisale, osati mwana wobereka. Njinga inapita, wailesi inapita, mamendulo analowa m'thumba la wina ndipo sanaonekenso. Chijasi wina anachinyamula ndi zala ziwiri, anachinunkhiza, n'kuchiponya pamphasa. Chinkanunkha fodya ndi ukalamba. A Fainala anangochitola, ndipo kunena zoona tsikulo amene anapata anali iwo.

Chijasicho sichinakhale pamsomali ngati bwana, chinkagwira ntchito. Fodya wa bale akauma m'chigafa amakhala wamwano; ukamugwira masana amangofumbutuka m'manja. Ndiye mlimi amamutsitsa m'mamawa mame atamufewetsa, n'kumuunjika, n'kumufunditsa kuti asaumenso asanamusankhe. Ena amafunditsa ndi pulasitiki. A Fainala ankafunditsa ndi chijasi cha bambo awo, ndipo ankati fodya wogona m'chijasi amatuluka wofewa ngati khutu la mbuzi. Madzulo ankachikutumula n'kuchibweza pamsomali, kukazizira ankafunda chomwecho. M'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko, ankaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, bambo?" Mutu wawo unali bwinobwino, ankadziwa kuti ndi nsalu chabe. Koma pakamwa pa munthu pamafuna kutseguka m'mawa, ndipo m'nyumbamo munalibe winanso womupatsa moni.

Alendo a ku Lilongwe anabwera mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mweziwo ndi wofunika pankhaniyi, chifukwa akanabwera mu Juni akanabwerera chimanjamanja. Thukuta likamatsika munthu sawerengera chofunda.

Galimoto inaima patali poti njira inathera pamizere. Amene anatsika n'kuyenda wapansi anali mayi wachitsikana dzina lake Dyna, wogwira ntchito kunyumba ina yosungiramo zinthu zakale. Za chijasicho anamva kwa akuluampingo. Anali waulemu. Anamanga chitenje pamwamba pa thalauzi, anagwada popereka moni, ndipo madzi a mumtsuko anamwa osayamba wasuzumira m'kapu. Izi zinawafewetsa mtima a Fainala.

Dyna anafotokoza kuti akusonkhanitsa zinthu za asilikali akale, zipewa, malamba, malipenga, zithunzi, chilichonse chimene chinatsala m'mabanja, chifukwa zambiri zikuthera kuchiswe. Atachiona chijasicho anachisisita pamapewa.

"Amayi, ichi n'chosowa. Mutatilola, ife tikhoza kukakusungirani bwino kwambiri."

"Kukandisungira?"

"Eya. Kwathuko kulibe chiswe, kulibe njenjete, denga silidontha."

A Fainala anayang'ana denga lawo, limene mvula ikagwa amatchera mabeseni. Mawu akuti kusunga sanali achilendo kwa iwo. Kwa Njombwa munthu amasungitsa mbuzi kwa mbale wake wa mudzi wina pothawa matenda kapena akuba. Amasungitsa mbewu kwa mnzake wa nkhokwe yabwino. Chosungitsa chimakhalabe chako, ndipo tsiku lochifuna umapita ndi kanthu kothokozera n'kukachitenga. Choncho anaganiza kuti dzinja lonseli bambo akakhale pouma, nthawi yosankha fodya ikadzafika adzapita kukawatenga. Dyna naye ankalankhula Chichewa chomwechi, koma kusunga kwa kuntchito kwake n'kwina, kulibe tsiku lobweza. Palibe ananamiza mnzake. Aliyense anamva zake n'kugwedeza mutu.

Pamene panavuta ndi pa dzina.

"Dzina lawo anali ndani?" anafunsa Dyna.

"A Chisale."

"Dzina loyamba, amayi."

A Fainala anaseka mwamanyazi n'kuyang'ana kumbali. Mwana woleredwa bwino satchula dzina la bambo ake. Iwo chibadwire anali asanalitulutsepo pakamwa. Ankangolimva kutchalitchi, ndipo komaliza analimva pamaliro, abusa akuwerenga mbiri ya malemu. Anayesa kuzemba, koma Dyna anati popanda dzina chijasicho chikhala cha munthu aliyense. Pamapeto pake anaweramitsa mutu n'kulinong'ona ngati akuba kanthu.

"Koneliyasi."

Chijasi anachipinda okha. Galimoto itapita anakhala pakhonde mpaka fumbi linatha.

Mvula inagwa. Anawokera fodya, anapalira, anabandira, anathyola, anasoka. Masana ntchito inkawaiwalitsa, koma m'mawa msomali uja unkawayang'ana. Masiku oyamba ankaombabe m'manja n'kuyamba moni, n'kuulekeza panjira. Kenako anasiya. Panali masabata oti mawu otuluka pakamwa pawo anali othamangitsa nkhuku basi, mpaka Lamulungu pamene ankakaimba nyimbo kutchalitchi. Zinkawawawa, ndipo analibe womuuza kuti zikuwawawa. Ankadzitonthoza kuti bambo angopita kukacheza kutauni.

Fodya atauma anayamba kusankha atamufunditsa ndi bulangete lawo logonera. Bulangetelo linali lopyapyala, dzuwa likangokwera masamba ankayamba kuphwanyika. Kenako mwera unayamba kuwomba, ukudutsa m'minda yokololedwa popanda choutchinga, n'kumalowera pansi pa chitseko. A Fainala anati basi, nthawi yakwana. Anaswa mtedza wa chalimbana, anasankha wonenepa wokhawokha, n'kudzaza kathumba kothokozera osunga. Anatenga chitenje chatsopano choti adzakulungiremo chijasi pobwera, ndipo mkati mwake anapindiramo tsamba limodzi la fodya, labwino koposa onse, kuti bambo akaone mmene munda wachitira chaka chino.

Ku Lilongwe anali atapitako kamodzi kokha, tsiku loperekeza Ernest. Minibasi inawadutsitsa pa Madisi ndi pa Mponela atafungatira kathumba ka mtedza ngati khanda. Mutauni anafunsa njira kwa anthu ambiri, ena osadziwa n'komwe kuti kuli nyumba yotero, mpaka wakabaza wina anawatsitsa pachipata.

Mkati munali zii, mozizira ngati m'chipatala. Mlonda anapita kukaitana Dyna, iwo n'kumayenda pang'onopang'ono akuyang'ana zipewa ndi malipenga m'magalasi. Atakhota pakona anaima ndii. Bambo awo anali ataima patsogolo pawo, kuseri kwa galasi.

Chijasicho sanachipinde, sanachipachike pamsomali. Anachiveka chidole chopanda mutu, chachitali ngati munthu, mapewa atatambasuka, mabatani onse atamangidwa mpaka m'khosi, akuwala kuposa mmene phulusa ndi ndimu zinkawawalitsira. Zaka zonsezi a Fainala ankachiona chili lende ngati nkhalamba yotopa. Apa chinaima mmene mwini wake ankaimira pakhomo la tchalitchi iwo ali kamtsikana. Anagwada pasimenti n'kuomba m'manja.

"Ndabwera, bambo," anatero chapansipansi. "Muli bwanji kuno?"

Dyna anawapeza ali chigwadire. Anakondwa, anawadzutsa, anawafunsa za ulendo ndi za kumudzi. A Fainala anamupatsa kathumba kaja ndi manja awiri.

"Kamtedza aka n'kothokozera. Mwandisungira bwino, mwana wanga, sindinayembekeze. Tsono kwathu kwayamba kuzizira, ndiye ndati ndidzatenge."

Anayamba kutambasula chitenje. Kumwetulira kwa Dyna kunazima.

"Mudzatenge, amayi?"

"Eya. Mvula ikamadzayamba ndidzabweretsanso."

Dyna anawapempha kuti akhale pabenchi, nayenso anakhala. Anafotokoza mofatsa kuti iye ankaganiza kuti chijasicho anachipereka chiperekere, ndipo kuti zinthu zolowa m'nyumbamo zimakhala momwemo mpaka kalekale. Anapepesa mobwerezabwereza.

"Ine sindinapereke," anatero a Fainala, mawu atauma. "Ndinasungitsa. Kodi kuno wosunga mbuzi ya mnzake amasanduka mwini wake?"

"Ayi, amayi. Kulakwa n'kwanga, sindinalongosole bwino. Chijasi n'chanu, sitingakulandeni. Ngati mukuchifuna ndikalankhula ndi akuluakulu." Dyna anayang'ana kathumba ka mtedza kamene kanali pamiyendo pake. "Koma ndifunse chinthu chimodzi, musandimve molakwa. Tsiku limene Mulungu adzakuitaneni, chidzatsala m'manja mwa ndani?"

A Fainala anapsa mtima, makamaka chifukwa funsolo linali loona. Anafuna kunena kuti Ernest, koma anakumbukira chaka chamawa chake chija. M'maganizo mwawo anaona mphasa itayalidwa pabwalo, katundu wawo ali pamenepo, wina akunyamula chijasi ndi zala ziwiri. Ulendo umenewo sipadzakhala wochitola. Chidzathera m'munda mwa wina chitavekedwa mtengo kuopseza mbalame, apo ayi galu adzaswerapo ana.

Ali chikhalire choncho, analowa bambo wina ndi mkazi wake, anthu ongodutsa, atanyamula majumbo a kumsika. Anaima pagalasi lija. Bamboyo anawerama n'kuwerengera mkazi wake kachikwangwani kamene kanali m'munsi, mokweza ngati ali pakhomo pake.

"Koneliyasi Chisale, wa kwa Njombwa, ku Kasungu. Anamenya nkhondo ku Abisiniya ndi ku Bama."

A Fainala anadzidzimuka. Choyamba kuwabwerera chinali mkwiyo, kuti munthu wosadziwika kumene wachokera akutchula bambo awo ndi dzina ngati ankaweta nawo mbuzi. Koma mkazi uja analibwereza pang'onopang'ono, "Koneliyasi Chisale," n'kunena kuti, "Anali aatali bambowa. Koma anabwerako amoyo?" Mwamuna wake anati sakudziwa, pakachikwangwanipo sanalembepo.

"Anabwerako," anatero a Fainala asanaganize n'komwe. "Akanapanda kubwerako bwenzi ine kulibe."

Anthuwo anatembenuka. Atamva kuti mayi wamfupiyu ndi mwana wa mwini chijasi, anaika majumbo pansi n'kupereka moni wa manja awiri. Anafunsa za ku Abisiniya, ndipo a Fainala anangopezeka akufotokoza za madzi ouma m'botolo, za phulusa ndi ndimu, za mayendedwe a bambo awo popita kutchalitchi, mpaka anaimirira kuwaonetsa mmene ankaponyera mapazi. Mkazi uja anaseka, iwonso anaseka. Analankhula mawu ambiri kuposa amene analankhula dzinja lonse lija. Anthuwo atatsanzika, m'chipindamo munabwereranso zii.

Kwa Njombwa dzina lija linali litafa. Amene ankalidziwa anatha, ndipo iwo, mmodzi yekhayo wotsala, mwambo sunkawalola kulitchula. Kuno linkatuluka pakamwa pa aliyense wodziwa kuwerenga. Anaona kuti akachitenga chijasicho iwo adzafunda, koma bambo awo adzabwerera kuseri kwa chitseko kukadikira tsiku la mphasa lija. Akachisiya, m'nyumba muja mudzatsala munthu mmodzi basi. Panalibe njira yosawawa.

"Tanditsegulireni ndichigwireko," anatero.

Dyna anabwera ndi makiyi ndi magolovesi oyera. A Fainala anayang'ana magolovesiwo, n'kuyang'ana manja awo akuda ndi utomoni wa fodya, manja amene anasambitsa mwini chijasicho mpaka tsiku lomaliza. Dyna anabweza magolovesiwo m'thumba mwake.

Galasi litatsegulidwa, a Fainala anaika nkhope pachifuwa cha chijasi. Fungo la fodya linali litatha, chinkanunkha mankhwala. Apa ndi pamene misozi inatsika, yopanda phokoso. Anapisa dzanja m'thumba lakumanja, mmene nsalu inaperepeseka ndi dzanja la bambo awo, n'kulisiya momwemo kwa kanthawi. Kenako anafunyulula chitenje chija, anatulutsa tsamba la fodya, analipinda mosamala n'kuliika m'thumbamo.

"Ameneyu ndi wa chaka chino, bambo. Wavuta kufewa popanda inu."

Dyna anayang'ana thumbalo, koma tsambalo sanalichotsemo.

"Tsekani, mwana wanga," anatero a Fainala akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Sungani, kusunga kwanu kuja."

Mtedza anakana kubwerera nawo. Anati wosunga amathokozedwa ndithu, kaya chinthucho chabwerera kaya ayi. Dyna anawaperekeza mpaka pokwerera minibasi, akuwauza kuti azibwera kudzawaona bambo nthawi iliyonse imene afuna. Anavomera ndi mutu, koma onse awiri ankadziwa kutalika kwa kwa Njombwa ndi zaka za mayiyu.

Zenera la minibasi silinkatsekeka. Mphepo inawamenya kuchokera pa Lumbadzi mpaka potsikira, ndipo chitenje chimene anatengera chijasi anachifunda m'mapewa. Anafika pakhomo dzuwa likulowa, nkhuku zitalowa zokha m'khola.

M'mawa mwake anadzuka mame asanaume, poti fodya sadikira munthu wachisoni. Asanatsegule chitseko anaima pamsomali paja. Anaomba m'manja pang'ono, koma moni unalibe kopita. Ndiye anachita chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire. Anatchula dzina lija, lonse lathunthu, mokweza ngati bambo wa majumbo uja, kuti nyumba imene mwini wake anagonamo zaka zake zomaliza ilimveko kamodzi.

"Koneliyasi Chisale."

Palibe anayankha. Anatenga bulangete lawo likadali lofunda n'kupita nalo kuchigafa kukafunditsa fodya.